Anasiya nsima kuti chotupa chife ndi njala: lipoti la mayi wa khansa ya khomo la chiberekero ku Ntcheu

Ndine kilinikolo ofisa, ndipo masiku awiri pa sabata ndimakhala ku kiliniki ya odwala khansa ndi matenda ena osachiritsika pa chipatala china m'boma la Ntcheu. Mayi amene ndikuwafotokoza pano anali ndi zaka 46, a ana asanu, ochokera kumtunda cha ku Tsangano. Ankalima mbatata ya kachewere ndi kabichi, n'kumakagulitsa ku Lizulu. Anali pa ma ARV kuyambira 2014 ndipo vairolodi yawo (kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi) inali yosaoneka. Mayina ndi mudzi ndabisa.

Anayamba kutaya magazi mu Okotobala 2022, pakati pa mwezi komanso akakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba. Iwo ankati ndi msinkhu, akuyandikira kusiya kusamba. Madzi onunkha atayamba kutuluka m'pamene anapita ku chipatala chaching'ono cha kwawo, mu Januwale 2023. Anesi ounika khomo la chiberekero sanapake n'komwe viniga wothandiza kuonetsa malo odwala, chifukwa chotupa chinkaoneka ndi maso. Atafika kwa ife ndinapeza chotupa cha masentimita 5, chotuluka magazi ukangochikhudza, chitalowerera kumanzere kwa chiberekero koma chisanafike pa khoma la chiuno. Tinadula kanyama kukapimitsa, ndipo zotsatira zinati ndi khansa ya mtundu wa squamous cell carcinoma. Siteji, kutanthauza pamene khansa yafika, inali IIB. Sikelo inali makilogalamu 56, kuzungulira kwa mkono masentimita 26, Hb (muyeso wa kuchuluka kwa magazi) 9.4.

Khansa ya siteji imeneyi imafuna radiotherapy (kuotcha chotupa ndi cheza cha makina) pamodzi ndi kemo (mankhwala opha maselo a khansa), koma nthawi imeneyo m'zipatala za boma munalibe makinawo, ndipo odwala ankadikira kutumizidwa kunja. Madokotala a ku Kamuzu Central Hospital anakonza zopereka kemo maulendo atatu, masabata atatu alionse, kenako aonenso ngati chotupa chaphwa mokwanira kuti opareshoni itheke. Mpata unalipo, wochepa koma weniweni. Ulendo woyamba mayiwa analandira kumapeto kwa Febuluwale.

Pali kanthu kamene kanachitika tsiku limene ndinkawauza zotsatira, ndipo sindinakalembe m'faelo. Tikutuluka, mwana wawo wamkazi, amene anali gadiyani, anandifunsa pakhomo: "Adokotala, nanga amayi azidya chiyani? Pali zoti asale?" Pabenchi panali anthu ambiri akudikira. Ndinayankha ndili chiimire kuti, "Azidya zamagulu onse 6, koma muchepetseko zotsekemera." Mawu amenewa ndimanena tsiku lililonse kwa odwala shuga ndi BP, ndipo anangotuluka okha. Kwa mayiwa analibe ntchito iliyonse.

Patapita masiku ochepa, mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumiza kanema pa WhatsApp. Kanemayo ankati khansa imadya shuga, nsima ndi mbatata zimasanduka shuga m'mimba, choncho wodwala akazisiya chotupa chimafa ndi njala. Mtsikana uja anakumbukira kuti adokotala nawonso anatchula zotsekemera. Banja linagwirizana. Nsima, phala, mbatata, nthochi, thobwa, zonse zinaletsedwa. Mayi ankadya masamba owiritsa opanda mafuta, tiyi wa chammwamba, adyo ndi madzi a mandimu, nthawi zina dzira limodzi. Inali nyengo ya mondokwa ndi maungu, ndipo adzukulu ankakadyera kuseri kwa nyumba kuti agogo asamve fungo. Anthuwa ankawakonda mayi awo, ndipo kuwamana nsima kunkawapweteka iwo omwe.

Tsiku la kemo yachiwiri litakwana analibe mphamvu zoyendera kukafika pamsewu. Sanapite, ndipo ife sitinadziwe, popeza panalibe amene ankatsata ngati odwala otumizidwa ku Lilongwe apitadi.

Anabwera nawo pakati pa Epulo, patatha masabata 7, atawagwirizira panjinga yamoto pakati pa woyendetsa ndi gadiyani. Sikelo inali 45. Mkono unali masentimita 20.5, Hb 6.8. M'mbali mwa mutu munali mutalowa, ndipo ndikugwira ntchafu khungu linkangolendewera ngati thumba lokhuthula. Sankatha kudzuka pampando osagwira tebulo. Nditamva za kadyedweko ndinaganiza kuti shuga watsikiratu, ndipo ndinauza anesi akonze dextrose, madzi a shuga a m'diripi, ndisanabaye n'komwe chala. Kamakina kanaonetsa 4.7 mmol/L. Ndinabayanso chala china: 4.8.

Munthu wosalawa nsima masabata 7 anali ndi shuga wofanana ndi wanga. Nambala imeneyi ndi imene inandiphunzitsa nkhani yonse, ndipo ndi imene pambuyo pake inatembenuza banjalo.

Thupi silimalola shuga wa m'magazi kutha. Ubongo wokha umafuna magalamu pafupifupi 120 patsiku, ndipo maselo ofiira a magazi alibe chakudya china. Chiwindi chimasunga shuga wa magalamu ngati 100, amene amatha pafupifupi tsiku limodzi munthu akapanda kudya. Akatha, chiwindi chimayamba kupanga shuga watsopano kuchokera ku mapuloteni a m'minofu, ku mafuta, ndi ku asidi wotchedwa lactate. Munthu wopanda khansa akakhala ndi njala masiku angapo, ubongo umayamba kugwiritsa ntchito ma ketone, amene chiwindi chimapanga kuchokera ku mafuta, ndipo minofu imapumako. Kwa wodwala khansa kupumako kumakhala kochepa, chifukwa chotupa ndi chitetezo cha m'thupi zimatulutsa timadzi monga IL-6 ndi TNF timene timapitiriza kusungunula minofu ndi kupha chilakolako cha chakudya. Shuga wa 4.7 uja anachokera m'ntchafu zimene ndinagwira zija. Chotupa chinkalandira magazi a shuga wokwanira tsiku lililonse la masabata 7 amenewo.

Nditawaunika, chotupa chinali chitafika masentimita 7 ndipo chinali chitagwira khoma la chiuno kumanzere. M'mphepete chinali chofiira, chonenepa, chotuluka magazi. Pakati panali dzenje la mnofu wotuwa, wofa, wonyenyeka ukaugwira ndi thonje, ndipo fungo lake linapangitsa gadiyani kutuluka m'chipinda. Sikani inaonetsa impso yakumanzere yotupa chifukwa njira ya mkodzo inali itapanidwa. Creatinine, amene amakwera m'magazi impso zikafooka, anali 158. Siteji inali itafika IIIB, ndipo nkhani ya opareshoni inathera pomwepo.

Mtsikana uja atabwerera anandifunsa mwachiyembekezo ngati mnofu wofawo ukutanthauza kuti chotupa chayamba kufa ndi njala. Anzanga ena kuwodi nawonso anafunsa chimodzimodzi, ndiye ndikhalitsepo apa.

Mu kanema uja munali choona. M'zaka za m'ma 1920 Otto Warburg wa ku Germany anapeza kuti maselo a khansa amameza shuga wochuluka kuposa maselo ena, koma m'malo momupsereza mpaka kumapeto, ambiri amangomuswa n'kutaya lactate, ngakhale okosijeni alipo. Shuga mmodzi akapsa yense amapereka timitolo ta mphamvu ya selo, totchedwa ATP, pafupifupi 30, pamene akangosweka amapereka 2. Kuli ngati kuphikira mapesi m'malo mwa nkhuni: moto umayaka msanga koma umadya mtolo ndi mtolo. Phindu lake kwa chotupa ndi lakuti zidutswa za shugayo zimakhala zomangira maselo atsopano. Dyera limeneli ndi limene sikani ya PET imagwiritsa ntchito poonetsa pamene pali khansa.

Chimene kanemayo sananene n'chakuti chotupa chimaidziwa njala kuyambira chili chaching'ono. Mu 1955 Thomlinson ndi Gray, poyang'ana khansa ya m'mapapo pa maikulosikopu, anaona kuti maselo amoyo amaunjikana pafupi ndi mitsempha ya magazi, ndipo ukatalikira pang'ono chabe, osafika n'komwe theka la milimita, umapeza ofa okhaokha. Chotupa chimakula msanga kuposa mitsempha yake, ndipo mitsemphayo ndi yokhotakhota, yodontha, yoyenda mwakamodzikamodzi. Choncho mkati mwake okosijeni ndi shuga zimasowa ngakhale wodwala akudya nsima katatu patsiku. Dzenje lonunkha lija ndi chizindikiro cha chotupa chothamanga, osati chogonja. Tizilombo tosafuna mpweya timaswana mu mnofu wofawo, n'chifukwa chake fungo limamvera mankhwala opha tizilombo a metronidazole.

Pakati pa m'mphepete monona ndi dzenje lakufa pali maselo amene ali pa njala koma sanafe, ndipo amenewa ndi amene amatisautsa. Okosijeni akachepa, puloteni yotchedwa HIF imadzuka. Imachulukitsa timakomo ta GLUT1 pakhungu la selo kuti litole kashuga kalikonse kodutsa, ndipo imatumiza puloteni ya VEGF kukaitana mitsempha yatsopano. Amene anafotokoza njira imeneyi, Kaelin, Ratcliffe ndi Semenza, analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Mphamvu zikatsika, puloteni ina, AMPK, imaimitsa ntchito yomanga, ndipo selo limachepetsa kugawikana n'kukhala chete. Kemo yathu imakantha kwambiri maselo amene akugawikana, ndipo imayenda m'magazi omwe aja osafika bwino mkatimo, choncho maselo achetewa imawalambalala. Radiotherapy nayonso imafuna okosijeni kuti iwononge bwino.

Selo lanjala limasinthanso zakudya. Limadya glutamine, amene ndi amino asidi (chomangira mapuloteni) wochuluka kwambiri m'magazi ndipo gwero lake lalikulu ndi minofu. Limadya mafuta. Limagaya ziwalo zake zakale n'kuzigwiritsanso ntchito, njira yotchedwa autophagy imene Yoshinori Ohsumi analandirira Nobel mu 2016. Khansa zina, monga ya kapamba, zimameza mapuloteni athunthu ngati albumin kuchokera m'madzi ozizungulira. Chimene chimandidabwitsa kwambiri ine ndi kugawana kwake. Maselo a pafupi ndi mtsempha, amene ali ndi okosijeni, amatha kudya lactate wotayidwa ndi anzawo, n'kusiya shuga apitirire kwa amene ali kutali. Wina madeya, wina ufa, mudzi wonse n'kupulumuka chaka cha njala. Lactate wotsala amapita ku chiwindi, chimene chimamusandutsanso shuga. Kuzungulira kumeneku anakufotokoza Carl ndi Gerty Cori, ndipo masamu ake ndi owawa: chotupa chimapindula ATP 2, chiwindi chimalipira 6 kuti chibweze shuga yemweyo. Wodwala amaonda akudyetsa chotupa kawiri.

Njala imasankhanso. Selo labwinobwino likapanikizika kwambiri, puloteni ya p53 imalilamula kuti life. Pa khansa ya khomo la chiberekero, kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansayi, kamatulutsa puloteni ya E6 imene imawononga p53, choncho maselo ambiri samva lamulolo. Ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana. Kafukufuku wa odwala khansa yomweyi anaonetsa kuti zotupa zosowa okosijeni ndiponso zodzaza lactate ndi zimene zimakonda kufalikira ndi kubwerera. Pamwamba pa apo, maselo a T a chitetezo cha m'thupi nawonso amafuna shuga kuti amenye nkhondo, ndipo m'malo a asidi wambiri amafooka. Kwa mayi amene ali ndi HIV, ngakhale vairolodi ili pansi, kumana thupi chakudya ndi kufooketsa asilikali amene alipo ochepa kale.

Sindinganene kuti kadyedwe kaja ndi kamene kanakulitsa chotupa. Chotupa cha masentimita 5 chosiyidwa popanda mankhwala chimakula ndithu. Chimene kadyedweko kanachita ndi kuwachotsera mayiwa mphamvu zopitira ku kemo pa nthawi yokhayo imene kemo ikanatsegula khomo la opareshoni.

Tinawagoneka m'wodi. Tinawaika magazi mapaketi awiri. Ululu wa m'chiuno ndi m'mwendo tinauyambira mofini wakumwa, 2.5 mg maola 6 alionse m'malo mwa maola 4, chifukwa impso zikafooka mofini amachedwa kutuluka m'thupi. Ibuprofen amene ankagula kugolosale tinamuletsa. Metronidazole tinapereka wakumwa. Ma ARV tinakambirana ndi anzathu a ku kiliniki yake, popeza tenofovir, mmodzi wa ma ARV amene ankamwa, safuna impso zofooka, ndipo anawasinthira.

Chakudya ndicho chinandivuta. Mtima unkafuna kuwaikira mbale yodzaza, koma munthu amene wakhala pa njala nthawi yaitali ukamudyetsa zokhutitsa mwadzidzidzi, insulin imakwera n'kukokera michere ya m'magazi ya phosphate, potaziyamu ndi magineziyamu m'maselo, ndipo mtima ukhoza kuima. Phosphate sitinkatha kuyeza. Choncho tinayamba ndi mavitamini a B, kenako phala la Likuni theka la kapu kasanu patsiku, n'kumaonjezera pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu, tikuyang'ana kugunda kwa mtima ndi kutupa kwa miyendo. Koma tsiku loyamba phalalo linabwerera momwe linapitira. Mayi analikana. "Ndikadya ndiye kuti ndikuchidyetsa chinthucho," anatero, nkhope atalozetsa kukhoma.

Apa ndinazindikira kuti kulankhula ndi wodwala ndi gadiyani yekha sikukwanira, chifukwa lamulo losala linali la banja lonse. Ndinapempha kuti abwere achimwene awo a mayiwa, amene ndi mwinimbumba, pamodzi ndi amuna awo, ndipo mnyamata wa ku Johannesburg tinamuimbira foni n'kuiika patebulo. Ndinayamba ndi kupepesa. Ndinati mawu a zotsekemera ndinanena ndine, ndinanena molakwa, ndipo mwana wawo wamkazi asadzudzulidwe chifukwa chomvera adokotala. Mtsikanayo analira. Mnyamata uja anafunsa mwaulemu koma molimba: "Adokotala, mukutanthauza kuti khansa sidya shuga?" Ndinavomera kuti imadya. Kenako ndinatulutsa kamakina, ndinabaya chala cha amayi ake, ndinabayanso cha malume ake amene anali atangodya kumene nsima kumsika, ndipo ndinamuwerengera manambala onse awiri. Anasiyana pang'ono chabe. Ndinafunsa kuti shuga wa amayi akuchokera kuti, popeza sakudya. Panalibe woyankha, ndipo ndinawaonetsa mkono wa mayiwo.

Amene anamaliza nkhaniyi ndi mwinimbumba, osati ine. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti chili ngati kaufiti. Munda ukaguga, chimanga ndicho chimafota, kaufiti n'kumachita maluwa." Anatembenukira mlongo wawo: "Achemwali, idyani. Ndalamula ndine." Madzulo ake mayi anamwa phala theka la kapu. Fanizo la kaufiti ndalibwereka, ndipo ndimalinena kwa mabanja ena, chifukwa mlimi aliyense kuno amadziwa kuti kaufiti amayamwa pamizu ya chimanga ndipo amakonda nthaka yotha mphamvu.

Sindinanyoze chammwamba ndi adyo. Ndinati azithira m'ndiwo, ndi zabwino, koma zisalowe m'malo mwa nsima. Banja limene lataya masabata 7 likuyesetsa limafuna kutsala ndi kanthu m'manja. Ndinawapatsa ntchito: phala lothira nsinjiro ndi supuni ya mafuta, mazira, usipa wosinja, mapeyala, mkaka ukapezeka, chiponde cha kuchipatala pakati pa zakudya, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Tiyi wa shuga ndinati amwe ngati akumufuna.

Kwa anzanga ndinene mosapita m'mbali. Wodwala khansa amene alinso ndi matenda a shuga ayenera kupitiriza kusamala shuga wake, makamaka akamalandira mankhwala a dexamethasone, amene amakweza shuga. Kunenepa kwambiri kumaonjezera chiopsezo cha khansa zina, ndipo malangizo ochepetsa zotsekemera ali ndi malo ake kwa anthu amene sakudwala. Akatswiri akufufuza mankhwala otseka njira zimene chotupa chimadyera, komanso zakudya za ketogenic (zochuluka mafuta, zochepa zosanduka shuga), koma palibe kadyedwe kamene kasonyezedwa kuti pakokha kamachiza khansa. Munthu amene wataya zoposa 5 pa 100 za kulemera kwake m'miyezi 6 ali kale m'gulu la cachexia, kutanthauza kuonda kosungunula minofu kobwera ndi matenda, ndipo mayiwa anataya pafupifupi 20 pa 100 m'masabata 7. Tisamanamizenso mabanja kuti chakudya chokha chibweza minofu yonse. Cachexia ikakhazikika, chakudya chimachedwetsa kugwa, sichiimitsa.

Anatuluka m'chipatala patatha masiku 12. Pofika kumapeto kwa Meyi sikelo inali 48, creatinine atatsikira pa 121, ndipo ankayenda okha kukafika kuseri. Tinakambirana ndi madokotala a ku Lilongwe, ndipo anavomera kupereka kemo yochepetsa zizindikiro, ya carboplatin ndi paclitaxel, popeza cisplatin sakanayenera impso zimenezo. Ndinawauza mayi ndi banja momveka kuti kemo imeneyi si yochiza. Anasankha kupita. Analandira maulendo atatu, kutaya magazi kunasiya, fungo linachepa mpaka anayambiranso kukhala pakhonde ndi anzawo a kumpingo. Mu Julayi anapita kudimba kukaona ana akukumba mbatata, atakhala pa mpando umene anawanyamulira.

Kuchokera pa nkhaniyi tinasintha zinthu zingapo ku kiliniki. Funso la chakudya ndimalifunsa ndine ndisanafunsidwe, titakhala pansi, ndipo ndimafunsa mwachindunji ngati pali amene wawauza zosala, kuphatikizapo za pafoni. Pafupifupi sabata iliyonse wina amavomera. Sikelo ndi tepi ya mkono timayeza ulendo uliwonse. Tinatsegulanso kabuku ka odwala otumizidwa ku kemo, ndipo anesi amaimba foni tsiku lotsatira tsiku lawo. Kabuku kameneka kakanakhalapo mu Malichi 2023, tikanawapeza mayiwa atasala masabata atatu, osati 7.

Mu Sepitembala impso yachiwiri inayamba kutupa, mkodzo unachepa, ndipo chilakolako cha chakudya chinatheratu. Mtsikana uja anabwera yekha, ali ndi mantha kuti tsopano amayi akukana chakudya ndipo iye akulephera ntchito imene ndinam'patsa. Ndinayenera kumuuza zosiyana ndi za mu Epulo: kuti nthawi yokakamiza yatha, thupi lomwe ndi limene lasiya kufuna, ndipo awapatse chimene apempha, supuni imodzi kapena ziwiri, n'kumanyowetsa milomo. Mofini tinamutalikitsa maola chifukwa cha impso. Titawayendera kumudzi mu Okotobala tinawapeza pamphasa m'nyumba, ululu uli pansi, akuzindikira aliyense. Anapempha thobwa, ndipo anamwa makapu aang'ono awiri masiku amenewo. Anamwalira kunyumba kumayambiriro kwa Novembala 2023, mwana wawo wa ku Johannesburg atafika masiku anayi m'mbuyo mwake.

Patatha mwezi mtsikana uja anabweza botolo la mofini wotsala, ndipo tsiku lomwelo anakaunikitsa khomo la chiberekero. Anapezeka ali bwino. Mwana wake wamkazi wa zaka 9 tinamulembetsa katemera wa HPV.